Bolitoglossa jacksoni, kanyama kopanda mapapo kamene kanasowa zaka 42

Pali kanyama kena ku Guatemala kamene kandigwira mtima kwambiri, nde lero ndati ndikambe za iko olo ambirife sitidzakaonapo ndi maso. Dzina lake la sayansi ndi Bolitoglossa jacksoni. Ndi salamanda. Ukakaona pachithunzi uyamba wanena kuti ndi buluzi, miyendo inayi, mchira wautali, maso otuzuka, koma ayi ndithu si buluzi, ameneyu ndi m'bale wake wa chule. Khungu lake ndi lofewa, lonyowa nthawi zonse, lilibe mamba, ndipo zala zake zilibe zikhadabo. Kwathu kuno nyamayi kulibe nchifukwa chake simunaimvepo kwa agogo, mu Africa muno asalamanda amangopezeka kumpoto kwenikweni uko ku Morocco, Algeria ndi Tunisia, ukangowoloka chipululu cha Sahara kubwera chakuno basi, palibe ndi mmodzi yemwe.

Kukongola kwake nde musanene. Thupi ndi lachikasu chowala, chikasu cha golide chenicheni, kenako pamsana padutsa mzere waukulu wakuda mofiirira kuchokera kumutu mpaka kukafika kumchira. Mapazi ake ndi otambalala, zala zinalumikizana ndi khungu moti akaponda patsamba lonyowa amakakamira osaterereka, ndipo mchira umathandiza kugwira nthambi. Ndi nyama yokwera mitengo imeneyi. Anyamata amene anaipeza koyamba ankangoitchula kuti chodabwitsa chagolide, ndipo ukaona chithunzi chake suwatsutsa.

Koma chomwe chimandizunguza mutu ine ndi choti kanyamaka kalibe mapapo. Osati kuti ndi aang'ono kapena anabisika penapake, kalibe basi. Kamapumira pakhungu ndi m'kati mwa kamwa, okosijeni amasungunuka m'chinyezi chomwe chili pakhungupo nkulowa m'timitsempha ta magazi tomwe tili pansi pake pomwepo, mpweya woipa nkutulukira njira yomweyo. Nde khungu likangouma kupuma kwatheranso pompo. Apa mpamene pagona nkhani yonse ya komwe nyamazi zingakhale ndi komwe sizingakhale. Zimafuna nkhalango ya nkhungu, ija yoti m'mawa mitengo ikungodontha madzi olo mvula sinagwe, makungwa onyowa, ndere pamitengo paliponse, masamba owola pansi. Zimatuluka usiku, masana zabisala kuseri kwa khungwa kapena m'kati mwa zomera zina zomwe zimamera pamwamba pa nthambi nkumasunga madzi pakati pa masamba ake, amazitcha bromeliad. Munthu akadula mitengo ija nkubzalapo khofi kapena chimanga, dzuwa limafika pansi, nthaka imauma, ndipo nyama yopumira pakhungu ilibenso kolowera.

Banja lonse la asalamanda opanda mapapo limatchedwa Plethodontidae, ndipo musaganize kuti ndi kagulu kakang'ono ka nyama zolumala, ayi, mwa asalamanda atatu alionse apadziko lapansi pafupifupi awiri ndi a m'banja limeneli. Pafupifupi onse ali ku America, kupatula ochepa a ku Italy ndi kum'mwera kwa France ndi mmodzi wa ku Korea amene anangodziwika mu 2005. Asalamanda ambiri amakonda kumayiko ozizira a kumpoto, banja lokhali ndi lomwe linatsika nkulowa kumadera otentha nkuchulukana kumeneko. Ndipo m'banjamo gulu lalikulu kuposa onse ndi Bolitoglossa yemweyu, muli mitundu yoposa 130, kuyambira kumpoto chakum'mawa kwa Mexico, kudutsa Guatemala, Honduras, Costa Rica, Panama, kulowa Colombia mpaka kukafika ku Bolivia ndi kumathero a mtsinje wa Amazon ku Brazil. Salamanda aliyense amene ungamupeze kum'mwera kwa Equator ndi Bolitoglossa, palibenso wina.

Chinawathandiza kufalikira chonchi ndi kaberekedwe kawo. Achule ambiri omwe timawadziwa amaikira mazira m'madzi, nkutuluka mbululu, mbululu nkumera miyendo pambuyo pake. Awa ayi, safuna dziwe kapena mtsinje. Mazira amaikira pamtunda pamalo ponyowa, pansi pa chikuni chowola kapena m'masamba, m'mitundu yambiri mayi amadzikulunga pamazirapo kuwalondera, ndipo kamwana kamatuluka m'dzira kali kale ndi miyendo yake inayi. Nde anatha kukwera mapiri, anatha kukwera mitengo. Koma pomwepo sayenda patali, salamanda wa paphiri ili sangawoloke chigwa chotentha kupita paphiri linalo, afera panjira. Zaka zikwi ndi zikwi zikamadutsa a paphiri ili amasiyana ndi a paphiri ilo mpaka kukhala mitundu iwiri. Nchifukwa chake ku Guatemala kuli mitundu yoti dziko lake lonse ndi phiri limodzi, pena mbali imodzi yokha ya phirilo.

Tsopano dzina lija. Anthu ambiri akaona mayina a sayansi amangodumpha, amati ndi Chilatini cha anthu ophunzira, koma ine ndimati muziima kaye pang'ono chifukwa muli nkhani m'menemo. Nyama iliyonse ili ndi mayina awiri, ndipo njira yophweka yomvetsera ndi ya mfunda. Loyambalo, Bolitoglossa, lili ngati kunena kuti Phiri kapena Banda, onse a mfunda umenewo ndi pachibale. Lachiwirilo, jacksoni, ndi dzina la mwini wakeyo lomusiyanitsa ndi abale ake. Dongosololi analikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo kumbali ya nyama amawerengera kuyambira chaka cha 1758. Loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono olo litachokera ku dzina la munthu.

Bolitoglossa linaperekedwa mu 1854 ndi akatswiri a ku Paris, Duméril, Bibron ndi Duméril mwana, ndipo linachokera ku mawu awiri a Chigiriki, bowa ndi lilime. Anayang'ana m'kamwa mwa nyamayi nkuona kuti lilime lake ndi kamutu kobulungira kokhala pakaphesi, kutsogolo silinamatirire kunsi kwa kamwa. Lilime limeneli ndi chida choopsa zedi. Salamanda amangokhala phee patsamba, kachilombo kakadutsa lilime limafwamphuka nkukamata, ndipo mwa m'bale wake wina wamkulu, Bolitoglossa dofleini, anayeza nkupeza kuti limatuluka lonse m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Kusowa mapapo kuja kukukhudzananso ndi zimenezi, chifukwa mafupa a pakhosi amene asalamanda ena amapopera mpweya kulowetsa m'mapapo, mwa awa anamasuka nkukhala oponyera lilime.

Komatu dzinali silinagwire ntchito mosadukiza kuyambira 1854. Kwa zaka zambiri asalamanda a kumadera otenthawa ankawaunjika pansi pa dzina loti Oedipus, lomwe katswiri wina, Tschudi, anapereka mu 1838, ndipo Emmett Dunn polemba za banja lonseli mu 1926 anagwiritsabe ntchito lomwelo. Vuto linali loti dzina limeneli munthu wina anali atalipereka kale ku gulu la ziwala zaka zingapo Tschudi asanalembe, ndipo lamulo limati magulu awiri a nyama sangakhale ndi dzina limodzi, amene anayamba ndi amene amalisunga. Nde ziwala zinapambana. Mu 1944 Edward Taylor anaphwanya mulu uja nkuugawa m'magulu angapo, Bolitoglossa nkubwerera pamalo pake. Mukakumana ndi dzina la salamanda lomwe munthu amene analipereka ndi chaka zatsekeredwa m'mabulaketi, tanthauzo lake ndi limenelo, nyamayo inayamba yalembedwa pansi pa gulu lina kenako anaisamutsa. Jacksoni alibe mabulaketi, amangolemba kuti Elias, 1984, chifukwa iye anabwera mpungwepungwe uja utatha kale.

Nkhani ya jacksoni inayamba mu 1975. Anyamata awiri a sukulu ochokera ku America, Paul Elias ndi mnzake Jeremy Jackson, anapita m'mapiri a Sierra de los Cuchumatanes, m'chigawo cha Huehuetenango kufupi ndi malire a Mexico. Ndi mapiri aatali amenewa, nsonga zake zimafika mamita 3,800, kupitirira Sapitwa wathu. Iwo sanali pamwamba penipeni, anali cha m'mamita 1,400, pafamu ina yotchedwa Finca Chiblac kufupi ndi tauni ya Barillas, dera la mvula yambiri. Jackson anatukula khungwa la mtengo, pansi pake nkupeza kanyama kachikasu kaja. Ulendo wonsewo anapeza tiwiri tokha. Elias anadzalemba nkulengeza mtundu watsopanowu mu 1984 ndipo anaupatsa dzina la mnzake uja, kachilembo ka i kumapetoko kamasonyeza kuti ndi ulemu wopita kwa mwamuna, akanakhala mkazi bwenzi pali ae. Elias yemweyu m'mapiri omwewo anapezanso asalamanda ena awiri achilendo kwambiri moti aliyense anafunika gulu lakelake, Nyctanolis pernix wa miyendo italiitali ndi Bradytriton silus, ndipo awa anawalemba limodzi ndi David Wake wa ku yunivesite ya Berkeley ku America mu 1983.

Kupereka dzina si kungolota mawu okoma nkulengeza. Pamafunika nyama imodzi yeniyeni yosungidwa m'botolo la mankhwala ku myuziyamu, yokhala ndi nambala yake, imene dzinalo limamangiriridwapo, kuti wina aliyense akadzakayikira zaka 100 zikubwerazo akhoza kupita kukaitulutsa nkuyerekeza ndi yomwe wagwira iye. Pamafunikanso kulemba malo enieni omwe inagwidwa. Nde kwa jacksoni malowo ndi Finca Chiblac, ndipo mapu a komwe nyamayi imakhala anali kadontho kamodzi basi. Kadontho kamodzi padziko lonse lapansi.

Kenako zii. Zaka zinayamba kudutsa palibe anamuonanso.

Apa ndikufuna tisamafulumire kunena kuti nyamayo inasowa, chifukwa mbali yaikulu amene anasowa ndi oyang'anawo. Guatemala inali pankhondo yapachiweniweni yomwe inatenga zaka 36 nkudzatha mu 1996, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Huehuetenango anali amodzi mwa madera amene anazunzika koopsa, midzi ya anthu a mtundu wa Maya inawotchedwa, anthu anaphedwa ambirimbiri, ena anathawira ku Chiapas ku Mexico. Nthawi ngati imeneyo palibe angayende usiku m'nkhalango ndi tochi kusenda makungwa. Nkhondo itatha nkhalango zambiri zinali zikugwetsedwa kuti pakhale minda. Pamndandanda wa IUCN, uja umanena nyama zomwe zili pachiopsezo, jacksoni anakhala zaka zambiri m'gulu la nyama zoti palibe umboni wokwanira woziweruzira, sangati yatha, sangatinso ilipo.

Munthu amene sanagwe ulesi ndi Carlos Vásquez Almazán, katswiri wa achule ndi njoka pa yunivesite ya San Carlos ku Guatemala komweko. Kuyambira 2005 anapita m'mapiri aja maulendo oposa 30, maola oposa 3,000 akufunafuna. Tangoganizani maola amenewo, mvula ikukutha, matope, kutukula chikuni ichi palibe, kusuzumira m'masamba awa palibe. Khama lake silinapite pachabe chifukwa anzake a jacksoni aja, Bradytriton ndi Nyctanolis, anapezekanso patatha zaka zoposa 30. Mu 2014 Elias ndi Jackson eni akewo, atakula tsopano, anabwereranso m'mapirimo kukafunafuna nawo, koma wachikasu uja sanaoneke. Chaka chotsatira, 2015, bungwe la ku Guatemala lotchedwa FUNDAECO mothandizidwa ndi mabungwe ena akunja linagula malo m'mapirimo nkukhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Finca San Isidro, imene imatchedwanso Yal Unin Yul Witz. Anateteza malowo asanadziwe nkomwe ngati jacksoni ali momwemo.

Mu 2017 bungwe la Global Wildlife Conservation, lomwe pano limatchedwa Re:wild, linatulutsa mndandanda wa zamoyo 25 zotayika zomwe likufunitsitsa zitapezeka, jacksoni anali pomwepo. Vásquez anachita chinthu chophweka koma chanzeru kwambiri, anasonkhanitsa alonda a nkhalango ija nkuwaphunzitsa, anawaonetsa zithunzi, anawauza malo oyenera kuyang'ana, nkuwasiyira chithunzi chachikulu cha nyamayo kuti azichiona tsiku ndi tsiku. Mu Okutobala chaka chomwecho mlonda wina wa zaka 27, Ramos León-Tomás, ali kumalire a nkhalangoyo anaona kanyama kakang'ono kachikasu ka mzere wakuda pamsana. Anakazindikira. Anakajambula nkutumiza chithunzi kwa Vásquez, ndipo Vásquez anatsimikiza kuti ndi yemweyo. Patatha zaka 42. Kanali kachitatu kuoneka chiyambire, kanali kamwana, kutanthauza kuti penapake pafupi pali makolo amene akuberekana, ndipo pa zamoyo 25 zija aka kanali koyamba kupezeka.

Pali kanthu kena m'nkhaniyi kamene anthu ambiri amakadumpha koma kwa ine nkofunika kuposa chisangalalo chonsecho. Mlondayo anakapeza pamalo okwera mamita pafupifupi 300 kuposa pomwe Elias ndi Jackson anapeza awo aja. Mamita 300 pamsewu si kanthu, koma kukwera phiri mamita 300 kuzizira kumasintha, nkhungu imasintha, mitengo imasintha. Nde kadontho ka pamapu kaja sikanali kunena kuti nyamayi imakhala pano pokha, kanali kunena kuti pano mpamene anthu awiri anatukula khungwa mu 1975. Mapu ambiri a nyama zosowa ali choncho, amaonetsa komwe anthu anafika osati komwe nyama inalekezera. Ndipo amene angakulitse mapuwo si mlendo wobwera sabata ziwiri nkubwerera kwawo, ndi munthu amene amayenda m'nkhalangomo tsiku lililonse, bola wina amuuze kuti kanyama aka kali ndi dzina ndipo dziko likukafuna. Mlonda uja popanda dzina ndi chithunzi chija mwina akanangokayang'ana nkuyamikira kukongola kwake nkupitiriza ulendo.

Dzina silingasinthe, likhalabe jacksoni mpaka kalekale, ndipo ine sindikuona cholakwika pamenepo, Jackson ndi amene anatukula khungwa lija. Koma ndimafuna tikamatchula Jackson tizitchulanso León-Tomás ndi Vásquez, chifukwa kalembedwe ka sayansi kali ndi malo a munthu amene anapereka dzina, kalibe malo a munthu amene anapezanso nyamayo itatayika. Nyamayo itapezeka anthu anasonkha ndalama zoti nkhalango yotetezedwa ija ikulitsidwe.

Tsopano ndikupatseni mbali inayo ya nkhaniyi, chifukwa vuto la dzina ndi mapu limabweranso mozondoka. Jacksoni anali ndi mapu aang'ono kwambiri. M'bale wake wa ku Amazon, Bolitoglossa altamazonica, anali ndi mapu aakulu mopyola muyeso. Ameneyu anamulemba ndi Edward Drinker Cope wa ku Philadelphia mu 1874, pansi pa dzina lakale lija la Oedipus, kuchokera ku nyama zomwe zinagwidwa ku Nauta, katauni ka ku Peru kufupi ndi pomwe mitsinje ya Marañón ndi Ucayali imakumana nkupanga Amazon. Dzina lachiwirilo likungonena za kumtunda kwa Amazon. Iyeyu si wokongola ngati jacksoni, ndi wamng'ono, wofiirira, ukamuona usiku atakhala patsamba sungamusiyanitse msanga ndi anzake. Nde kwa zaka zoposa 100 aliyense wogwira salamanda wofiirira m'nkhalango za Amazon amangolemba kuti altamazonica, ku Venezuela altamazonica, ku Colombia altamazonica, Ecuador, Peru, Brazil, Bolivia chimodzimodzi, mapu nkumangotambasuka.

Tikumbukire kuti iyi ndi nyama yosayenda patali, yoti mtsinje waukulu ndi malire osawolokeka kwa iyo, ndipo Amazon yadzaza ndi mitsinje ikuluikulu yoti tsidya linalo sulionanso. Zingatheke bwanji mtundu umodzi kukhala m'mayiko 6? Anthu atayamba kuyang'anitsitsa, kuwerenga mano, kuyeza mitu ndi mapazi, kenako kuyeza DNA, chinsinsi chinaululika. Mu 2013 akatswiri a mumzinda wa Belém ku Brazil, Brcko, Hoogmoed ndi Neckel-Oliveira, anaunikanso asalamanda a ku Brazil nkulengeza mitundu itatu yatsopano. Wina anamutcha madeira, dzina la mtsinje. Wina tapajonica, kuchokera ku mtsinje wa Tapajós. Wachitatu caldwellae, ulemu kwa mayi Janalee Caldwell amene anagwira ntchito zaka zambiri pa achule a ku Amazon, mwaiona ae ija. Mu 2020 gulu lina lotsogoleredwa ndi Juan Carlos Cusi wa ku Peru linabwerera ku nkhani ya altamazonica weniweniyo, wa ku Nauta, nkumufotokozanso bwinobwino kuti adziwike malire ake, ndipo potero linapeza mtundu winanso watsopano kumpoto kwa Peru nkuutcha Bolitoglossa awajun, kulemekeza anthu a mtundu wa Awajún omwe ndi eni nthaka kumeneko. Dzina limeneli limandisangalatsa kwambiri, chifukwa mwana wa kumeneko akadzatsegula buku la sayansi adzapezamo dzina la mtundu wake. Chaka chomwecho kafukufuku wina wa DNA anasonyeza kuti ku Amazon kudakali mitundu yambiri ya Bolitoglossa imene mpaka pano ilibe mayina.

Zoterezi sizachilendo kwa ife olo tilibe asalamanda. Paphiri la Mulanje pali kachule kotchedwa Nothophryne broadleyi, katswiri wina, Poynton, anakalemba mu 1963 polemekeza Donald Broadley, katswiri uja wa ku Zimbabwe. Kwa nthawi yaitali achule ofanana nako a m'mapiri a kumpoto kwa Mozambique ankawaika pansi pa dzina lomwelo, mpaka mu 2018 pomwe anapezeka kuti ndi mitundu inayi yosiyana, broadleyi weniweni nkutsala wa pa Mulanje pokha. Tsiku limenelo kachuleko sikanasinthe kanthu, koma udindo wathu pa iko unakula, chifukwa kakatha pa Mulanje kulibenso kwina kokakatenga.

Wina atha kufunsa kuti nanga kugawagawa mayinaku phindu lake nchiyani, si ntchito ya anthu ofuna kutchuka basi? Ayi abale, phindu lake lili pa chitetezo. Amene amaweruza kuti nyama ili pachiopsezo kapena ayi amayang'ana kwambiri kukula kwa dera lomwe imapezeka. Altamazonica uja pokhala ndi mapu a mayiko 6 anaikidwa m'gulu la nyama zosadetsa nkhawa, poti nkhalango ikatha kuno atsalabe uko. Koma ngati dzina limodzilo linali litakwirira mitundu khumi kapena kuposa, uliwonse ndi kachigawo kake pakati pa mitsinje iwiri kapena m'mbali mwa phiri limodzi, nde kuti nkhalango yomwe inadulidwa kuti pakhale msipu wa ng'ombe kapena munda wa soya ikhoza kukhala kuti inapita ndi mtundu wathunthu, pepala likunenabe kuti zonse zili bwino. Boma silingaike m'malamulo nyama yopanda dzina, bungwe silingapemphe ndalama zogulira nkhalango ya nyama yopanda dzina, mlonda sangapatsidwe chithunzi cha nyama yopanda dzina.

Ndipo nthawi siili kumbali yawo. Mu 2009 Sean Rovito ndi anzake, kuphatikizapo Wake ndi Vásquez, anatulutsa zomwe anapeza atabwerera kumalo a ku San Marcos ku Guatemala komwe m'zaka za m'ma 1970 ofufuza ankatola asalamanda ambirimbiri pa tsiku limodzi. Mitundu ina yomwe kale inali mbwee sinapezekenso olo umodzi, ngakhale m'malo omwe mitengo inali ikadalipo. Okayikiridwa ndi matenda a fangasi otchedwa chytrid amene amagwira khungu, komanso kusintha kwa nyengo komwe kukukankhira nkhungu m'mwamba mwa mapiri. Kwa nyama yopumira pakhungu matenda a pakhungu ndi imfa. Mitundu yatsopano ya ku Amazon ija iliyonse ikufunika kuyezedwa payokha tsopano, dera lake ndi lalikulu bwanji, nkhalango yatsala yochuluka bwanji, fangasi uja wafikako kapena ayi, ndipo ija yomwe DNA yaonetsa koma sinalembedwe ikudikira kaye munthu woti akhale pansi ndi botolo, awerenge mano, ayeze mapazi, aipatse dzina.